Mafunso a Owerenga: Kuphunzira Kujambula Nkhope ndi Utoto wa Madzi

Makalata ambiri amene afika mwezi uno achokera kwa owerenga amene ali m'makalasi a zojambulajambula ndipo afika pa gawo lojambula nkhope za anthu ndi utoto wosungunula ndi madzi, uja pa mabokosi amaulemba kuti watercolour. Tasankhapo asanu ndi limodzi amene mafunso ake akuimira ena ambiri, ndipo tawafupikitsa kuti mayankho apeze malo okwanira.

FUNSO: Ndinalowa kalasi yojambula chifukwa ndikufuna kujambula nkhope ya mayi anga akadali ndi moyo. Koma mpaka pano aphunzitsi athu sanatilole kusakaniza utoto wa khungu. Amatipatsa utoto umodzi wokha wofiirira kuti tijambule nawo nkhope yonse, ndipo nthawi zina theka la phunziro limatha tikungoyeza mutu ndi pensulo. Kodi sakutichedwetsa? — Mayi wofunitsitsa

YANKHO: Mayi, cholinga chanu n'chapamwamba, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mtima wanu ukuthamanga. Komabe ndikupemphani kuti muwakhulupirire aphunzitsi anuwo, chifukwa njira imene akukudutsitsaniyo ndi imene idzakufikitseni msanga pa nkhope ya mayi anu.

Chimene chimatithandiza kuzindikira munthu pa chithunzi si mtundu wa khungu lake. Taonani zithunzi zakale za kamera, zija zoyera ndi zakuda zokhazokha: m'bale wanu mumamudziwa nthawi yomweyo, ngakhale kuti kufiirira kwa milomo yake kapena mtundu wa malaya ake sizikuonekamo. Diso limagwira malo amene kuwala kwagwera ndi malo amene mthunzi wakhazikika, kukula kwa malowo, ndiponso mmene ayandikirana. Kuwala kukamachokera cha kumwamba, mithunzi imakhala m'malo odziwika: m'maenje a maso kunsi kwa nsidze, kunsi kwa mphuno, pa mlomo wam'mwamba, kunsi kwa mlomo wam'munsi, ndi pakhosi kunsi kwa chibwano. Mukaika mithunzi imeneyi pamalo pake ndiponso pa kukula kwake, nkhope imatulukira musanajambule n'komwe chikope. Mukaiphonya, mtundu wa khungu ngakhale utalondola chotani sungapulumutse chithunzicho. Aphunzitsi anu akuchotserani nkhawa ya mitundu kwa kanthawi kuti maso anu aphunzire chinthu chimodzi, ndicho kusiyanitsa chowala, chakuda pang'ono ndi chakuda bii.

Pochita phunziro limeneli, tsinzinani pang'ono poyang'ana munthu amene mukumujambula, kuti tizinthu ting'onoting'ono tizimiririke n'kutsala zigawo zikuluzikulu. Malo owala kwambiri musawapake konse. Pepala lenilenilo ndilo likhale kuwala kwake. Pakani utoto wa madzi ambiri pa nkhope yotsalayo, mudikire uume, mupakenso wolemererako m'mithunzi mokha, ndipo pomaliza muike wakuda kwambiri m'timalo tochepa, monga m'mabowo a mphuno, pa mzere wa pakati pa milomo ndi m'mboni za maso.

Nkhani yoyeza mutu nayonso ili ndi chifukwa chake. Pafupifupi aliyense woyamba kumene amaika maso m'mwamba kwambiri, popeza maganizo athu amalabadira maso, mphuno ndi pakamwa n'kuiwala kukula kwa mphumi ndi tsitsi. Koma pa munthu wamkulu amene wayang'ana kutsogolo, maso amakhala cha pakati penipeni kuchokera pa liwombo kufika pa chibwano. Mpata wa pakati pa maso awiri umalingana ndi diso limodzi, kunsi kwa mphuno kumakhala cha pakati pa nsidze ndi chibwano, ndipo makutu amayambira pa mzere wa nsidze n'kuthera pa mzere wa kunsi kwa mphuno. Mwana wamng'ono ndiye amasiyana, chifukwa chigaza chake n'chachikulu poyerekeza ndi nkhope, choncho maso ake amatsika kunsi kwa mzere wapakatiwo. Miyeso imeneyi ntchito yake ndi kukuthandizani kuona pamene munthu wasiyana nayo, ndipo posiyana pamenepo m'pamene pagona kufanana kwa chithunzi ndi mwini wake. Mwina mayi anu ali ndi mphumi yaitali kuposa anthu ambiri, kapena nsagwada zotambalala. Zimenezi simungazione bwino popanda choyerekezera. Poyeza, tambasulani mkono wonse, mutseke diso limodzi, ndipo chala chachikulu chiziyenda pa pensulo posonyeza utali. Chigongono chikangopindika pang'ono, muyeso wasintha.

Kumbukiraninso kuti utoto wa mafuta umaphimba cholakwa, pamene utoto wa madzi umaonekera mkati, kotero kuti diso limene laikidwa pamalo olakwika lidzakhala pomwepo mpaka mapeto. N'chifukwa chake mizere ya pensulo iyenera kulondola utoto usanafike. Jambulani mopepuka ndi pensulo ya HB, ndipo musafufute kawirikawiri, pakuti labala amakanda nkhope ya pepala ndipo utoto umadetsa pamalo okandikawo.

Musadikire kuti maphunziro athe. Apempheni mayi anu akhale pafupi ndi zenera, kuwala kukuwagwera mbali imodzi, ndipo muwajambule kangapo pa timapepala ting'onoting'ono ndi utoto umodzi womwewo umene aphunzitsi akupatsani.

FUNSO: Ndikapaka tsaya, pakapita kanthawi pamatuluka chipsera chooneka ngati duwa, cham'mphepete mwakuda. Ndikayesa kukonza, utoto wonse umasanduka matope, ndipo pepala limafufuma n'kupindika. Zithunzi za anzanga m'kalasi zimatuluka zowala bwino. Ndikulakwitsa pati? — Mnyamata wa chaka choyamba

YANKHO: Achimwene, mavuto atatu amene mwatchulawa gwero lake ndi limodzi, ndilo madzi, ndipo kuti muwamvetse muyenera kudziwa kaye mmene utotowu umapangidwira. Muli ufa wosalala wa mtundu, wophatikizidwa ndi utomoni wa mitengo ya mthethe umene pa malonda umatchedwa gum arabic, ndipo wambiri umachokera ku Sudan ndi maiko ena a m'chigawo cha Sahel, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Madzi akauma, utomoniwo ndi umene umamata ufawo pa pepala. Koma utomoni umenewu umasungunukanso ukakumana ndi madzi, choncho burashi yonyowa imene mwaibwezera pamalo opaka kale, makamaka mukamapekesa, imadzutsa utoto wapansi n'kuusakaniza ndi wapamwamba.

Pepala lonyowa limasintha pang'onopang'ono, ndipo muyenera kuphunzira kuliwerenga poliyang'ana cham'mbali, moyang'anizana ndi kuwala. Poyamba limanyezimira, ndipo nthawi imeneyi mukhoza kudonthezamo utoto wina, monga kufiirira kwa tsaya, n'kuusiya ufalikire wokha mosasiya malire. Kenaka kunyezimirako kumayamba kuzilala, ndipo apa m'pamene pali ngozi. Pepala limakhala ngati simenti imene yayamba kugwira koma siinaume: aliyense wopondapo amasiya phazi. Mukaligunda ndi burashi yokhala ndi madzi ambiri kuposa amene ali m'pepalamo, madzi atsopanowo amathamangira mbali zonse, akukankha ufa umene unali utayamba kukhazikika, n'kukauunjika m'mphepete. Duwa limene mukulionalo limabadwa motero. Choncho burashi isanyowe kuposa pepala, ndipo ngati mukukayika, iikeni pansi. Pomaliza pepala limaoneka louma, koma mukalikhudza ndi kuseri kwa dzanja limazizira, kusonyeza kuti mkati mukadali chinyezi. Likasiya kuzizira ndiye kuti lauma ndithu, ndipo mukhoza kupaka kachiwiri mopepuka, burashi ikudutsa kamodzi kokha pamalo alionse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'kalasi mwanumo mukayang'anitsitsa mudzaona kuti anzanu amene zithunzi zawo zimawala amathera nthawi yambiri akudikira kuposa akupaka. Ena amajambula zithunzi ziwiri nthawi imodzi kuti china chikamauma manja akhale ali pa chinzake, ndipo nzeru imeneyi ndimaiyamikira kwambiri.

Musanayambe kupaka, sakanizani utoto wokwanira nkhope yonse ndi wotsala, chifukwa mukaima pakati kuti musakanize wina, m'mphepete mumauma n'kusiya mzere pa tsaya. Pendeketsani pang'ono thabwa limene mwaikapo pepala kuti utoto uzisonkhana kunsi kwa malo amene mwapaka, ndipo muziutsitsa ndi burashi mzere ndi mzere mpaka pachibwano. Mukafika kumapeto, finyani burashi pa kansalu n'kuyamwa nayo utoto wotsalawo, pakuti ukakhala pamenepo umabwerera m'mwamba n'kupanga duwa lina. Khalaninso ndi burashi yachiwiri, yoyera ndi yachinyezi chabe, yofewetsera malire. Pamene nkhope ikukhota pang'onopang'ono, monga pa tsaya ndi pamphumi, malire a mthunzi ayenera kusungunuka. Pamene chiwalo china chagwetsa mthunzi pa chinzake, monga kunsi kwa mphuno, malire akhale akuthwa. Nkhope ya malire akuthwa okhaokha imaoneka youma ndi yokalamba, pamene ya ofewa okhaokha imasowa mafupa.

Matope amabwera m'njira zitatu: kusakaniza mitundu yoposa itatu pamodzi, kubwerera pamalo amodzi kambirimbiri, ndi kutsukira burashi m'madzi akuda. Ikani mabotolo awiri, lina lotsukira ndi lina la madzi oyera osungunulira. Dziwaninso kuti utoto wa madzi ukauma umawala kuposa mmene umaonekera uli wonyowa. Woyamba kumene amapaka wopepuka kwambiri, ukauma amaona kuti sunakwane, ndipo amabwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mpaka pepala litatopa. Yesani kaye pa kachidutswa ka pepala lomwelo, mukalole kaume, kenaka muweruze.

Kufufuma kwa pepala kumachitika chifukwa ulusi wake umatupa ukanyowa. Pepala la magalamu 300 pa sikweya mita limapirira ndithu, ndipo la magalamu 640 silipindika n'komwe. Ngati lanu ndi lopyapyala, liviikeni m'madzi kwa mphindi zingapo, muliyale pa thabwa, mulimate mbali zonse zinayi ndi tepi ya pepala imene imamata ikanyowetsedwa, ndipo mulisiye liume chogona. Likamauma limakokeka n'kukungika, ndipo silivutanso popaka.

FUNSO: Ndalama zanga n'zochepa. Ndiyambe ndi chiyani pakati pa utoto wabwino, maburashi abwino ndi pepala labwino? — Wophunzira wamadzulo

YANKHO: Yambani ndi pepala. Pepala lopangidwa ndi thonje lokhalokha limamwa madzi mofanana, limachedwa kuuma kotero kuti mumapeza nthawi yofewetsa malire, ndipo limapirira kupaka kangapo. Lopangidwa ndi ufa wa mitengo limauma mwamawangamawanga, ndipo ophunzira ambiri amadziimba mlandu pa zolakwa zimene mwini wake ndi pepala. Mapepala a thonje odziwika ndi monga Arches wa ku France, Fabriano Artistico wa ku Italy ndi Saunders Waterford wa ku England. Pepala lathunthu limakhala la masentimita 56 m'lifupi ndi 76 m'litali. Mukhoza kulidula zidutswa zinayi kapena zisanu ndi zitatu, ndipo mbali zonse ziwiri zimapakika. Alipo osalala, olembedwa kuti hot pressed, okhakhala pang'ono, olembedwa kuti cold pressed, ndi okhakhala kwambiri. Woyamba kumene asankhe apakatiwo.

Maburashi awiri ozungulira, ya nambala 10 kapena 12 ndi ina ya nambala 4 kapena 6, ndi okwanira, ndipo a ubweya wopangidwa ku fakitale amagwira bwino ntchito malinga nsonga yake ikhale yosongoka ikanyowa. Pa utoto, mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi yabwino imaposa bokosi la mitundu 24 yosalimba. Ya nkhope ndi yellow ochre (chikasu chooneka ngati dothi), burnt sienna (bulauni wofiirira), quinacridone rose (wofiira wa pinki), ultramarine (buluu woderako) ndi cobalt blue (buluu wowalako), ndipo mukafuna muonjezerepo chikasu chowala.

FUNSO: Mabuku amene tili nawo m'kalasi amangophunzitsa kusakaniza khungu loyera. Ine ndikufuna kujambula mng'ono wanga, amene ndi wakuda kwambiri. Ndikaonjezera utoto wakuda, nkhope imaoneka yakufa ndi yaphwatalala. Kodi utoto wa madzi sugwirizana ndi khungu lakuda? — Mtsikana wa m'kalasi ya Loweruka

YANKHO: Achemwali, umagwirizana nalo kwambiri, ndipo dandaulo lanu lokhudza mabukuwo n'loona. Mabuku ambiri ophunzitsira amathera masamba ochuluka pa khungu loyera n'kupatsa khungu lakuda ndime imodzi, ndipo mphunzitsi wabwino ayenera kutseka mpata umenewu. Umboni woti zimatheka ulipo. Winslow Homer, wojambula wa ku America, anapita ku Bahamas m'nyengo ya 1884 mpaka 1885 ndipo anajambula asodzi ndi anthu ena akuda a kumeneko ndi utoto womwewu. M'nthawi yathu ino Mary Whyte amadziwika ndi zithunzi zake za amayi akuda a mtundu wa Gullah a pa chilumba cha Johns Island ku South Carolina, m'dziko la America. Mukapeza zithunzi zawo pa intaneti, zikuzeni n'kuyang'anitsitsa tsaya limodzi. Mudzapezamo kufiira, chikasu, pepo ndi buluu.

Choyamba, utoto wakuda wa m'chubu uchotseni pa mbale yanu yosakanizira. Ufa wake ndi wa mwaye kapena wa mafupa otenthedwa, ndipo ukalowa mu utoto wa khungu umazimitsa kufunda kwake. Mdima wa khungu mumaupeza posakaniza burnt sienna ndi ultramarine. Mukachulutsa woyambayo mumapeza bulauni wofunda, mukachulutsa wachiwiriyo mumapeza mdima wozizira woyandikira kukuda, ndipo mukadonthezamo quinacridone rose pang'ono mumapeza kuda kofiirira kumene kumaoneka m'mbali mwa mphuno, pa zikope ndi pa milomo. Popeza mwasakaniza nokha, mukhoza kuusintha pang'ono kuchoka pamphumi kupita pa tsaya, ndipo kusintha kumeneku ndiko kumapatsa nkhope moyo.

Chachiwiri, khazikani mng'ono wanu pafupi ndi khomo lotsegula masana, ndipo muyang'ane pamphumi, pamwamba pa masaya, pa msana wa mphuno ndi pa mlomo wam'munsi. Khungu lakuda limaonetsa kunyezimira bwino kuposa loyera, ndipo malo amenewa kawirikawiri amatenga buluu kapena pepo wa kuthambo. Yang'ananinso kunsi kwa nsagwada: ngati wavala malaya achikasu kapena ofiira, mtundu wa malayawo umakwera n'kuwala mumthunzimo. Zinthu ziwirizi zikasowa m'pamene nkhope imaoneka yaphwatalala.

Popaka, yambani ndi malo onyezimirawo. Ikanipo cobalt blue wa madzi ambiri, ndipo akadali wonyowa muzungulize ndi yellow ochre wosakaniza ndi rose pang'ono pa nkhope yonse yotsala, kuti mitundu iwiriyo ikumane yokha. Nkhope idzaoneka yowala modabwitsa, yosafanana ndi mng'ono wanu, ndipo apa musachite mantha. Zikauma ndithu, pakani burnt sienna pa nkhope yonse kupatula malo abuluuwo, mukufewetsa malire ake ndi burashi yachinyezi. Kupaka kwachitatu ndiko kwa mithunzi, ndi utoto uja wosakaniza burnt sienna ndi ultramarine, wa madzi ochepa, ndipo apa pakufunika kulimba mtima: ikani mdima wokwanira kamodzi, osati pang'onopang'ono kasanu. Kwachinayi kukhale kwa timalo tochepa takuda kwambiri. Chifukwa chakuti utoto uliwonse ukuonekera mkati, chikasu chija chinapakidwa poyamba chimawalabe kuchokera pansi, ndipo ndicho chimachititsa khungu kuoneka kuti muli magazi.

Pali chinthu china choyenera kuchidziwa chokhudza ultramarine. Ufa wake umakonda kukhazikika m'timaenje ta pepala n'kupanga timadonthomadontho. Pa nkhope ya gogo kapena pa ndevu zimenezi zimakongola, koma pa tsaya losalala la mwana zikhoza kuoneka ngati zipsera. Mukaona zimenezo, gwiritsani ntchito pepala losalala, kapena muchepetse ultramarine m'malo owala n'kumusungira m'mithunzi. Tsitsi nalonso musalijambule limodzilimodzi. Litengeni ngati chigawo chimodzi chokhala ndi mbali yowala ndi ya mthunzi, ndipo pamene likukumana ndi mphumi malire akhale ofewa, kuti lisaoneke ngati lochita kuvala.

FUNSO: Bambo anga akuti utoto wa madzi ndi wa ana a sukulu, ndipo chithunzi chake chimafwifwa pakapita zaka zochepa. Akuti ndisinthe kalasi ndikaphunzire utoto wa mafuta. Kodi akunena zoona? — Wowerenga wokhumudwa

YANKHO: Bambo anu ali ndi mfundo pa nkhani ya kufwifwa, koma pa nkhani yoti ndi wa ana mbiri ikuwatsutsa. Chithunzi cha kalulu chimene Albrecht Dürer wa ku Germany anajambula mu 1502 ndi utoto wa madzi chikusungidwabe ku Albertina, nyumba yosungira zithunzi ya mumzinda wa Vienna ku Austria. Nicholas Hilliard anajambula Mfumukazi Elizabeth I ya ku England mu 1572 pa kachikopa kosalala kokwana m'chikhatho, ndipo kujambula nkhope zing'onozing'ono kotereku kunali ntchito yolemekezeka kwa zaka mazana angapo kamera isanabwere. Mu 1804 ojambula a ku London anakhazikitsa bungwe lawolawo la utoto wa madzi, limene lero limatchedwa Royal Watercolour Society. Anders Zorn wa ku Sweden anayamba kutchuka ndi utoto umenewu asanatembenukire ku wa mafuta, ndipo John Singer Sargent, wojambula wa ku America amene anamwalira mu 1925, anasiya zithunzi za utoto wa madzi zoposa 2,000.

Kufwifwa kumadalira ufa umene uli mu utotowo ndiponso kasungidwe ka chithunzi. Pa chubu cha utoto wabwino pamalembedwa nambala ya ufa, monga PB29 ya ultramarine kapena PV19 ya quinacridone rose, komanso chizindikiro chosonyeza mmene umapiririra kuwala, ndipo I ndi II ndiyo miyeso yodalirika. Chenjerani ndi utoto wofiira wotchedwa alizarin crimson weniweni, wa nambala PR83, amene ojambula nkhope ankamukonda kwambiri koma amafwifwa akapakidwa mopyapyala. Chithunzi chikatha, chiikeni m'felemu ya galasi, pakhale katoni wopanda asidi woletsa pepala kukhudza galasilo, ndipo muchipachike pa khoma losaomba dzuwa ndi lopanda chinyontho. Nyumba zosungira zithunzi zimaonetsa ntchito zotere pa kuwala kochepa pa chifukwa chomwechi. Afotokozereni bambo anu zimenezi mwaulemu, ndipo muwauzenso kuti kuyeza ndi kuona mithunzi kumene mukuphunzira pano kudzakuthandizani ngakhale mutadzasankha utoto wa mafuta m'tsogolo.

FUNSO: Kunyumba ndimajambula kuchokera pa zithunzi za pafoni ndipo zimandiyendera, koma m'kalasi akatiikira munthu wamoyo ndimasokonezeka. Maso amene ndimajambula amakhala otong'oka, ndipo mano amaopsa. Aphunzitsi akapachika ntchito zathu kuti tikambirane ndimachita manyazi. Ndingatani? — Bambo wopuma pa ntchito

YANKHO: Bambo, kamera imakuchitirani ntchito yovuta kwambiri, ndiyo yosandutsa mutu wozungulira kukhala chinthu chaphwatalala, ndipo n'chifukwa chake kunyumba zimaoneka zophweka. Koma imanamanso. Foni ikayandikira nkhope imakuza mphuno n'kuchepetsa makutu, imadetsa mithunzi mpaka mitundu ya mkati mwake kutayika, ndipo nyali yake ikawala kutsogolo imafafaniza mithunzi imene mukuifuna. Ngati mukujambula kuchokera pa chithunzi, chitoleni nokha mutaima mamita awiri kapena atatu, kuwala kukuchokera mbali imodzi. Munthu wamoyo wa m'kalasi ndi mwayi umene simuyenera kuuthawa. Amasuntha, n'zoona, koma mukaika chizindikiro cha tepi pamene pali mapazi a mpando wanu, n'kusunga m'maganizo malo a kukhoma amene nsonga ya mphuno yake ikuloza, mudzadziwa akasuntha ndipo mudzamupempha abwerere.

Maso amatong'oka chifukwa choyera cha diso mwachisiya choyera ngati pepala. Diso ndi mpira umene wakhala m'dzenje, ndipo chikope cham'mwamba chimagwetsa mthunzi pamwamba pake. Mukamapaka mthunzi wa dzenje la diso, dutsitsani utoto wopepuka pa diso lonse, n'kusiya kadontho kamodzi kokha ka kuwala. Chikope cham'mwamba chiphimbe pang'ono gawo lakuda la diso, mzere wake ukhale wolimba, pamene wa chikope cham'munsi ukhale wofewa ndi wodukaduka. Kadontho ka kuwala kakatayika, mukhoza kukabwezera pomaliza ndi nsonga ya burashi ya utoto woyera wophimba wotchedwa gouache. Sargent yemwe ankagwiritsa ntchito utoto woterewu. Mano nawonso musawalekanitse ndi mizere. Atengeni ngati chigawo chimodzi chokhota, chowala kutsogolo ndi chodera kumbali za pakamwa, ndipo maonekedwe ake muwasonyeze ndi nkhama za m'mwamba ndi mdima wa m'munsi mwake. Pa zithunzi zanu zoyambirira ndi bwino kumupempha munthuyo atseke pakamwa.

Za manyazi, ndikulimbikitsani kuti nthawi yokambiranayo muiyamikire, chifukwa wojambula amene wayang'ana chithunzi chake kwa maola awiri amasiya kuona zolakwa zake, pamene mnzake amaziona msanga. Musafunse ngati chithunzi chili bwino; funsani chinthu chimodzi chenicheni, monga ngati mthunzi wa kunsi kwa chibwano wada mokwanira, kapena ngati diso lakumanzere lili pa mzere umodzi ndi linzake. Musanapachike, chiyang'aneni pa kalirole kapena muchizondotse, ndipo kupendekeka kwa nsagwada kapena kwa pakamwa kudzaonekera poyera.

Cholakwa chaching'ono chimakonzeka. Dikirani pepala liume ndithu, munyowetse malo okhawo ndi burashi yoyera yolimbako, mupukuse mofatsa, ndipo mudinde ndi tishu wouma osakhula. Burnt sienna, cobalt blue ndi ultramarine zimachoka mosavuta, koma quinacridone amalowerera mu ulusi wa pepala ndipo amasiya banga. Mukayesa kawiri osatheka, lekani, chifukwa kachitatu pepala limayamba kunyotsoka ndipo utoto watsopano umada pamenepo. Ngati cholakwacho ndi cha miyeso, monga mphuno yotalika kapena maso otalikirana, tengani pepala lina, mukonze mizere ya pensulo, ndipo chithunzi choyambacho muchiike pambali panu kuti muzionerapo mitundu imene inakuyenderani bwino.